Webusaiti ya Bizinesi ku Chipata: Mafunso ndi Mayankho pa Kukonzekera ndi Kamangidwe Kake

Zambia ali m'gulu la mayiko oyambirira a mu Africa kulumikizidwa ku intaneti, popeza kampani ya ZAMNET, yomwe inabadwira pa University of Zambia, inayamba ntchitoyi mu 1994, komabe panadutsa zaka zambiri intanetiyo isanafike kwa mlimi wa ku Chipangali kapena wamalonda wa mumsika wa Kapata. Itafika, inadzera pa foni ya m'manja, osati pa kompyuta ya mu ofesi, ndipo mfundo imeneyi ndiyo imalamula mmene webusaiti ya bizinesi ya ku Chipata iyenera kukonzedwera, kuyambira pa kukula kwa zithunzi mpaka pa njira yolipirira katundu.

Kodi webusaiti n'chiyani, ndipo imasiyana bwanji ndi tsamba la Facebook kapena nambala ya WhatsApp zimene amalonda ambiri ali nazo kale?

Webusaiti ndi gulu la masamba olumikizana, okhala ndi mawu, zithunzi ndi mabatani, amene amasungidwa pa kompyuta yosazimitsidwa yotchedwa seva, ndipo munthu amawafikira polemba dzina la webusaitiyo m'pulogalamu yotsegulira masamba monga Chrome kapena Opera Mini. Kusiyana kwake ndi tsamba la Facebook kwagona pa umwini, chifukwa pa Facebook eni kampaniyo ndiwo amasankha anthu amene aone uthenga wa wamalonda, uthenga wa lero umakwiririka ndi wa mawa, ndipo akaunti ikabedwa kapena kutsekedwa, zithunzi ndi otsatira onse amapita nayo limodzi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo makasitomala amene wamalonda amawafikira kudzera m'nyumba ya eni okha ali ngati fodya wapachalayo. Izi sizitanthauza kuti Facebook ndi WhatsApp zitayidwe, popeza ndiko kumene anthu ambiri amathera nthawi yawo. Ntchito yake ikhale yoitana anthu, pamene webusaiti imasunga zinthu zokhalitsa, monga mndandanda wa katundu, mitengo, malo amene sitolo ili, ndi dongosolo la kagulidwe.

Kodi bizinesi iliyonse ya ku Chipata ikufunikira webusaiti?

Ayi, ndipo muyeso wake ndi mtunda umene uli pakati pa wogulitsa ndi wogula. Mayi wogulitsa tomato pa Saturday Market amaonana maso ndi maso ndi makasitomala ake tsiku lililonse, kotero webusaiti siingamuwonjezere kanthu, koma bizinesi imene ogula ake amasankha asanafike pamalopo imataya ndalama ngati ilibe poti anthu akutali aionere.

Malo amene mzindawu uli amabweretsa magulu atatu a ogula akutali otere. Gulu loyamba ndi la alendo, chifukwa Chipata, amene kale ankatchedwa Fort Jameson ndipo anakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, ndiye khomo la msewu wopita ku Mfuwe ndi kumalo osungira nyama a South Luangwa, ndiponso ndi kumene amagona anthu ambiri obwera ku mwambo wa Nc'wala wa Angoni ku Mtenguleni kumapeto kwa February ndi ena opita ku Kulamba kwa Achewa ku Mkaika, m'boma la Katete, kumapeto kwa August. Gulu lachiwiri ndi la ogula mbewu monga nshawa, soya, mpendadzuwa ndi chimanga, amene ambiri ali ku Lusaka, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 570 kutsata msewu wa Great East, ndipo safuna kutumiza lole asanadziwe kuchuluka ndi mtundu wa katundu. Gulu lachitatu ndi la amalonda a ku Malawi odzera pachipata cha Mwami ndi Mchinji, chomwe mu December 2022 chinasanduka malo amodzi ochitira zonse za mayiko awiriwa, ndipo kwa iwo Chipata ali pafupi ndi Lilongwe kuposa mmene alili ndi Lusaka. Malo ogona alendo, masitolo a zipangizo zaulimi ndi zomangira, makampani a zamtengatenga, sukulu zolipira ndi magulu a alimi ogulitsa pamodzi ndiwo amapindula kwambiri.

Kodi kukonzekera kumayambira pati?

Kumayambira pa pepala, wopanga webusaiti asanaitanidwe. Mwini bizinesi amalemba mafunso amene makasitomala amafunsa kawirikawiri pa foni ndi pakauntala, ndipo pafupifupi nthawi zonse amapezeka kuti ndi ochepa komanso obwerezabwereza: katunduyu alipo, akugulitsidwa zingati, sitolo ili pati, imatseka nthawi yanji, ndipo angatumizidwe ku Lundazi kapena ku Petauke pa basi. Mafunso amenewa ndiwo amasanduka masamba, ndipo funso lofunsidwa kwambiri ndilo limapatsidwa malo apamwamba pa tsamba loyamba, osati mbiri ya mwini kampani kapena mawu olonjera.

Kenako mwini bizinesi amasankha chinthu chimodzi chimene akufuna kuti wotsegula webusaitiyo achite asanachoke, kaya kusungitsa chipinda, kupempha mtengo wa matumba a simenti, kapena kuimba foni, chifukwa tsamba limene limapempha zinthu zisanu nthawi imodzi limasokoneza munthu mpaka sachita chilichonse. Zikatero amajambula ndi pensulo chithunzi cha tsamba lililonse mu kukula kwa foni, kusonyeza pamene mutu, chithunzi, mtengo ndi batani zidzakhale, ndipo chojambulachi ndicho amakambirana ndi wopanga webusaiti, popeza kufufuta mzere pa pepala sikudya ndalama, koma kusintha tsamba lomangidwa kale kumalipiritsidwa. Kwa mabizinesi ambiri ang'onoang'ono masamba anayi kapena asanu amakwanira.

N'chifukwa chiyani foni ya m'manja ndi bandulo ya intaneti ziyenera kulamula kamangidwe?

Wogula wa ku Chadiza kapena ku Vubwi amatsegula webusaiti pa foni ya Android yotsika mtengo, pogwiritsa ntchito bandulo imene wagula kwa Airtel, MTN kapena Zamtel, ndipo chilichonse chimene tsamba limatsitsa chimadya bandulo yakeyo, kutanthauza kuti tsamba lolemera limalipiritsa kasitomala asanagule kanthu. Kulemera kwa tsamba kumayesedwa m'makilobaiti ndi mamegabaiti, ndipo megabaiti imodzi ndi makilobaiti pafupifupi 1,000. Chithunzi chojambulidwa ndi foni yamakono chimatha kufika mamegabaiti 3 kapena 5, pamene chithunzi chomwecho chikachepetsedwa bwino chimatsika kufika pa makilobaiti 100 kapena 200 osaoneka kusintha pa galasi la foni, kotero kuchepetsa zithunzi ndiyo ntchito imodzi yopulumutsa kwambiri. Kanema wodziyambitsa yekha, zithunzi zoyendayenda pamwamba pa tsamba ndi zilembo zokongoletsa zochita kutsitsa zonse zimawonjezera kulemera popanda kuyankha funso la wogula.

Kamangidwe koyenera ndi kamene tsamba limadzisintha molingana ndi kukula kwa galasi, kotero kuti pa foni zinthu zimandandalika mzere umodzi kutsika pansi, pamene pa kompyuta zimafalikira m'mbali. Mabatani amakhala aakulu mokwanira chala chachikulu, zilembo zimakhala zoderapo pa malo owala kuti ziwerengeke padzuwa, ndipo chithunzi chilichonse chimapatsidwa mawu ochifotokoza, amene amaoneka netiweki ikalephera kuchitsitsa komanso amawerengedwa mokweza ndi mapulogalamu othandiza anthu osaona. Ngakhale Starlink inayamba ntchito mu Zambia mu 2023, ndipo malo ena ogona alendo tsopano ali ndi intaneti yothamanga, webusaiti iyenera kuyesedwa pa foni ya wogula wakumudzi, osati pa kompyuta ya mwini bizinesi. Google nayonso posanja masamba imayang'ana mmene tsamba limaonekera pa foni.

Kodi webusaiti yoyankhana ndi wogula imatanthauza chiyani?

Imatanthauza webusaiti imene wogula samangowerenga, koma amachitapo kanthu n'kulandira yankho. Njira yosavuta komanso yogwira ntchito kwambiri ku Chipata ndi batani lotsegula WhatsApp lili ndi uthenga wolembedwa kale, wotchula katundu amene munthuyo amaona, kuti wogulitsa asayambenso kufunsa kuti akunena chiyani. Pambali pake pamakhala batani loimbira foni, lothandiza amene bandulo yatsala pang'ono kuwathera. Njira yachiwiri ndi fomu, yomwe ndi timipata tolembamo dzina, nambala ya foni ndi chimene munthu akufuna, ndipo fomu yabwino imafunsa zinthu zochepa, imavomereza nambala zoyamba ndi +260 ndi +265 zomwe, ndiponso siikakamiza imelo, popeza ogula ambiri saigwiritsa ntchito.

Zina zimadalira mtundu wa bizinesi. Malo ogona alendo amafunika kalendala yosonyeza masiku amene zipinda zilipo, sitolo ya zomangira ingaike chowerengetsera chimene chimapereka chiwerengero cha malata munthu akalemba mulitali ndi mulifupi mwa nyumba, ndipo wogulitsa mbewu angalole mlimi kusankha mbewu ndi kukula kwa munda kuti aone makilogalamu ofunika. Mapu nawo ndi mbali ya kuyankhana, koma popeza m'makomboni monga Mchini, Nabvutika ndi Magazine anthu amalondolerana ndi zizindikiro osati manambala a nyumba, mapuwo aperekezedwe ndi mawu otchula msika, tchalitchi kapena mphambano yapafupi, pamodzi ndi chithunzi cha kumaso kwa sitolo.

Chinthu chachikulu pa zonsezi n'chakuti batani lililonse ndi lonjezo lakuti kuseri kwake kuli munthu woyankha. Fomu imene uthenga wake umapita ku imelo yosatsegulidwa imawononga mbiri ya bizinesi kuposa kusakhala ndi fomu, kotero tsamba lizinena nthawi imene yankho lidzabwere, ndipo wantchito mmodzi apatsidwe udindowu ndi dzina.

Nanga malipiro ndi mitengo zikonzedwe bwanji?

Njira yolipirira imene anthu ambiri ali nayo ndi ndalama za pa foni, monga Airtel Money ndi MTN MoMo, kotero webusaiti yolandira makhadi a banki okha imatsekera kunja ogula am'deralo. Bizinesi yaing'ono ingayambe polemba nambala yake yamalonda pamodzi ndi dzina limene limaoneka munthu akamatumiza ndalama, kuti wogula atsimikize kuti sakutumiza kwa wakuba, popeza mauthenga achinyengo opempha kuti ndalama zitumizidwe ku nambala ina ndi ofala. Bizinesi yaikulupo imalumikiza webusaiti ndi kampani yodutsitsa malipiro, yomwe imalandira ndalama za pa foni ndi makhadi a Visa ndi Mastercard n'kudulapo gawo lake pa malipiro alionse, ndipo kampani yotere iyenera kukhala yovomerezedwa ndi Bank of Zambia. Makhadiwa ndi ofunika makamaka kwa alendo akunja opita ku South Luangwa.

Pa mitengo pali msampha wa kumalire, chifukwa ndalama za Zambia ndi za Malawi zonse ndi kwacha koma mphamvu zake n'zosiyana kutali, kotero mtengo wolembedwa ndi chilembo K chokha ungasocheretse wogula wa ku Mchinji. Kulemba ZMW kapena MWK kumathetsa vutoli. Mtengo uliwonse ukhale ndi tsiku limene unaikidwa, popeza ndalama zimasinthasintha, monga zinachitikira mu November 2023 pamene kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Muyeso nawo utchulidwe momveka, kaya ndi thumba la makilogalamu 50, kaya ndi meda, kaya nshawa n'zosenda kapena zosasenda.

Kodi webusaiti ilembedwe m'chinenero chanji?

Chingerezi ndicho chinenero cha boma ndi cha makalata a malonda mu Zambia, ndipo ogula a ku Lusaka ndi alendo akunja amachiyembekezera, koma Chinyanja, chimodzi mwa zinenero zisanu ndi ziwiri za m'zigawo zovomerezeka m'dzikoli, ndicho chimalankhulidwa pamsika ku Chipata ndiponso chimamveka tsidya lina la malire. Njira yabwino ndi kukhala ndi zinenero zonse ziwiri, batani losinthira lili pamwamba, makamaka pa masamba olangiza alimi kagwiritsidwe ntchito ka mbewu, feteleza ndi mankhwala, pamene kusamvetsa kungawonongetse munda. Google Translate inawonjezera Chichewa mu 2014, komabe zomasulira za makina ziyenera kuwerengedwa ndi munthu wodziwa chinenerocho zisanaikidwe pa tsamba. Wolemba agwiritsenso ntchito mawu amene ogula amalemba pofufuza, ndipo popeza mbewu imene ku Chipata amati nshawa ku Lilongwe amati mtedza, tsamba lofuna ogula a mbali zonse ziwiri lizitchula mayina onse awiri.

Kodi domeni ndi hosting n'chiyani, ndipo mwini wake akhale ndani?

Domeni ndi dzina limene munthu amalemba kuti afike pa webusaiti, ndipo siligulidwa kamodzi kokha koma limalipiridwa chaka ndi chaka. Mayina othera ndi .zm, kuphatikizapo .co.zm a makampani, ali m'manja mwa bungwe la ZICTA, loyang'anira zamauthenga mu Zambia, ndipo amalembetsedwa kudzera mwa makampani amene bungweli lawavomereza. Dzina lotere limauza wogula kuti bizinesiyo ndi ya m'dzikoli, pamene .com imadziwika kwambiri kwa alendo akunja. Dzina labwino ndi lalifupi, losavuta kutchula pa wailesi, komanso logwirizana ndi limene linalembetsedwa ku PACRA, bungwe lolembetsa makampani ndi mayina a mabizinesi. Hosting ndi malo obwereka pa seva kumene masamba amasungidwa, ndipo ubwino wobwereka kwa kampani yokhala ndi magetsi apadera unaoneka mu 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo ZESCO inkazimitsa magetsi maola ambiri pa tsiku: webusaiti yosungidwa pa seva yotere inkatsegukabe ngakhale sitolo ili mumdima.

Cholakwika chofala ndi kulola wopanga webusaiti kulembetsa domeni m'dzina lake, chifukwa awiriwa akasemphana, kapena wopangayo akasamuka, bizinesi imataya dzina limene lili pa zikwangwani ndi malisiti ake onse. Pangano lolembedwa linene kuti domeni, hosting, mawu achinsinsi ndi zithunzi ndi za bizinesi, litchulenso ndalama zolipira chaka chilichonse padera ndi ndalama zomangira. Ndi bwinonso kumanga pa pulogalamu yodziwika monga WordPress, yomwe inayamba mu 2003, kuti mwini bizinesi azitha kusintha yekha mitengo, ndiponso kuti mmisiri wina adzathe kupitiriza ntchitoyo.

Kodi malamulo a Zambia amafuna chiyani kwa mwini webusaiti?

Fomu ikangoyamba kutolera mayina ndi manambala a foni, bizinesi imalowa pansi pa lamulo la Data Protection Act la 2021, loteteza zinsinsi za anthu, limene limafuna kuti munthu adziwitsidwe chifukwa chimene zinthu zake zikutengedwera, kuti zisagwiritsidwe ntchito ina, ndiponso kuti zisungidwe motetezeka. Lamuloli linakhazikitsa ofesi ya komishonala woyang'anira nkhaniyi, ndipo lili ndi gawo lofuna kuti zinthu zokhudza anthu zisungidwe pa seva za mu Zambia, kupatula zimene boma lingalole, kotero funso la kumene seva ili liyenera kufunsidwa hosting isanalipiridwe. Lamulo lina la chaka chomwecho, Electronic Communications and Transactions Act, limazindikira mapangano opangidwa pa intaneti ndipo lili ndi mbali yoteteza ogula, motero tsamba lizisonyeza dzina lenileni la bizinesi, malo ake, mtengo wonse ndi dongosolo lobwezera katundu. Pa chitetezo, dzina la webusaiti liyambe ndi https, chizindikiro chakuti uthenga pakati pa foni ndi seva ukuyenda mobisika. Chiphaso chake chimapezeka mwaulere ku Let's Encrypt, ndipo kuyambira mu 2018 Chrome imachenjeza anthu kuti tsamba lopanda chiphasochi n'losatetezeka.

Kodi anthu aidziwa bwanji webusaitiyo ikamangidwa?

Njira yoyamba ndi kulembetsa bizinesi mwaulere pa Google Business Profile, kuti ioneke pa mapu pamodzi ndi maola ake ndi nambala ya foni munthu akafufuza malo ogona kapena sitolo ya ku Chipata. Mutu wa tsamba lililonse utchule katundu ndi dzina la mzinda, chifukwa amenewa ndiwo mawu amene ofufuza amalemba. Njira zakale nazo zimathandiza, monga kulemba dzina la webusaiti pa chikwangwani, pa malisiti, pa matumba ndi pa galimoto, komanso kulitchula polengeza malonda pa wailesi za m'deralo monga Breeze FM, zimene zimafika kumidzi kumene bandulo imagulidwa mwa apo ndi apo. Kalendala ya chigawo ndiyo imasonyeza nthawi yosintha tsamba loyamba: mbewu ndi feteleza ziikidwe patsogolo mvula isanayambe mu October ndi November, mitengo yogulira zokolola ioneke kuyambira mu May, ndipo zipinda za nthawi ya Nc'wala zilengezedwe chaka chikangoyamba.

Kodi mwini bizinesi adziwa bwanji kuti webusaiti ikugwira ntchito, ndipo aisamala bwanji?

Isanatsegulidwe kwa onse, webusaiti ipatsidwe kwa anthu ochepa osaidziwa, aliyense pa foni yake, n'kupemphedwa kupeza mtengo wa chinthu china kapena kutumiza funso popanda kuthandizidwa, ndipo pamene akukakamira ndi pamene pafunika kukonza. Ikatsegulidwa, muyeso wake si kuchuluka kwa anthu oitsegula ayi, koma kuchuluka kwa mafoni, mauthenga ndi maoda ochokera kumeneko, zimene zimadziwika pofunsa kasitomala watsopano aliyense kumene anamva za bizinesiyo n'kulemba yankho m'kaundula.

Kusamalira kumafuna ndondomeko yolembedwa, yotchula munthu ndi nthawi: mitengo ndi katundu zionedwe sabata iliyonse, fomu ndi mabatani ziyesedwe mwezi uliwonse, pulogalamu ya webusaiti ikonzedwe pamene eni ake atulutsa zotseka mipata ya akuba, masamba onse akopedwe n'kusungidwa pamalo ena, ndipo tsiku lolipira domeni lilembedwe poonekera, popeza dzina likatha nthawi munthu wina angathe kulilembetsa. Bizinesi imene ilibe munthu wogwira ntchito zimenezi ichepetse webusaiti yake kukhala tsamba limodzi lokhala ndi dzina, malo, maola ndi batani loimbira foni, chifukwa wogula amene wayenda ulendo kuchokera ku Lundazi n'kupeza kuti mtengo wa pa tsamba ndi wa chaka chatha sadzakhulupiriranso china chilichonse cholembedwa pamenepo.